Kompyuta inadwalira ku Mars, adokotala ali ku California

Pa 4 Julayi 1997 chombo cha bungwe la NASA chotchedwa Mars Pathfinder chinatera pa Mars, m'chigwa cha miyala chomwe amachitcha Ares Vallis. Chinali chitayenda miyezi isanu ndi iwiri, poti chinanyamuka pa 4 Disembala 1996. Kateredwe kake nkosaiwalika: anachikuta ndi matumba odzaza mpweya, ndipo chitagwa chinanjanja ngati mpira maulendo osachepera 15 chisanakhazikike. M'kati mwake munali kagalimoto ka mateyala 6 kotchedwa Sojourner, kolemera makilogalamu opitirira pang'ono 10, koyamba kuyenda pa nthaka ya Mars. Zithunzi zitayamba kufika, anthu a ku Jet Propulsion Laboratory, yomwe mwachidule amati JPL, ku Pasadena m'chigawo cha California, anali kungokumbatirana.

Patangopita masiku ochepa, kompyuta ya chombocho inayamba khalidwe lachilendo. Ili pakati pa ntchito, inkadzizimitsa yokha n'kuyakanso, zomwe a zamakompyuta amati reset. Zithunzi ndi miyeso yomwe inali itasonkhanitsidwa kale sizinkatayika ayi, koma zonse zomwe chombocho chinalamulidwa kuchita tsikulo zinkathera pomwepo, mpaka mawa. Ndiye kumbukirani kuti chombochi anachikonzera moyo wa masiku 30 okha, kagalimoto kaja masiku 7. Tsiku limodzi likapita padera, ndi chuma chambiri chimenecho.

Tsopano tengani cholembera, inu a Fomu 3, tiwerengere limodzi. Pa nthawiyo Mars inali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 191 miliyoni kuchokera kuno. Uthenga wa wailesi umathamanga pa liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi. Nthawi ndi mtunda kugawa ndi liwiro, eti? Mupeza masekondi pafupifupi 637, kutanthauza mphindi 10 ndi theka n'kadzipitirira pang'ono. Kufunsa chombocho funso limodzi n'kulandira yankho, mphindi zoposa 21. Palibe woti akwere basi ndi sipanala kukachitsegula. Palibe woti aone sikirini yake, ndipo sikiriniyo inalibe n'komwe. Wodwala ali kutali choncho, dokotala amuyeza bwanji?

Funso limeneli si la ku Mars kokha. Pulogalamu ikakhala pa desiki ya woilemba, vuto silivuta kwenikweni kulipeza: amatha kuiimitsa pakati, kuiyendetsa pang'onopang'ono mzere ndi mzere, kusuzumira nambala iliyonse. Koma ikatuluka n'kukalowa m'mafoni a anthu, m'makina a ku banki kapena m'mita ya magetsi, woilemba uja sakhalapo pamene yalakwitsa. Amangomva kuti dzulo madzulo inakana. Inakana bwanji? Kaya, inangokana. Pamenepa chomwe chimamupulumutsa ndi log, kaundula yemwe pulogalamu imalemba yokha ikamagwira ntchito: nthawi yakuti ndachita chakuti, ndapeza chakuti.

Mawuwa ali ndi fizikisi m'kati, ndiye sindingawadumphe. Log m'Chingerezi ndi chipika cha mtengo. Kale oyendetsa sitima za panyanja akafuna kudziwa liwiro lawo ankaponya kathabwa m'madzi, atakamangirira ku chingwe chokhala ndi mfundo zotalikirana mamita pafupifupi 14.4. Kathabwako kankatsala m'mbuyo, chingwe chikutuluka, wina akuwerenga mfundo zomwe zadutsa m'manja mwake mpaka mchenga wa m'kabotolo ka masekondi 28 utatha. Gawani 14.4 ndi 28: mfundo imodzi ndi mamita 0.51 pa sekondi, kapena makilomita 1.85 pa ola. N'chifukwa chake mpaka lero liwiro la sitima amaliyeza mu knot, kutanthauza mfundo. Zomwe apezazo ankazilemba m'buku pamodzi ndi nthawi, mphepo ndi kumene alowera, ndipo bukulo linatenga dzina la kathabwa kaja. Makompyuta atabwera, dzinalo anangolitola.

Ngakhale nkhani yotchuka ya mawu akuti bug, omwe amatanthauza cholakwika cha mu pulogalamu, inasungidwa ndi buku lotere. Pa 9 Seputembala 1947 gulu lomwe linkagwira ntchito ndi Grace Hopper pa kompyuta ya Harvard Mark II linapeza kadziwotche atapanikizika m'kaswichi ka magetsi. Anamumata ndi tepi pa tsamba la log, nthawi italembedwa pambali pake, ndipo tsambalo likusungidwa ku Smithsonian mu mzinda wa Washington. Ena amati mawuwo anayambira pamenepo, koma ayi, Thomas Edison ankawagwiritsa ntchito kale m'zaka za m'ma 1870.

Mzere wabwino wa log umakhala ndi nthawi yeniyeni, nthawi zambiri mpaka pa milisekondi, dzina la gawo la pulogalamu lomwe likulankhula, zomwe zachitika, komanso kulemera kwa nkhaniyo. Olemba mapulogalamu ambiri amaika mizereyi m'magulu. DEBUG ndi tinkhani ting'onoting'ono ta m'khitchini, INFO ndi zochitika wamba, WARN ndi chenjezo loti pali china chikununkha, ERROR ndiye zathina. Pulogalamu ikakhala m'manja mwa anthu, kawirikawiri DEBUG amaitseka, chifukwa imalongolola kwambiri: ingadzaze malo osungira m'maola ochepa ndipo mzere umodzi wofunikira ungamire pakati pa mamiliyoni opanda pake. Kusankha cholemba ndi chosiya ndi luso palokha, ndipo pali zina zoletsedweratu. Nambala yachinsinsi ya munthu, PIN kapena password, siyenera kupezeka mu log ngakhale pang'ono, poti log imawerengedwa ndi anthu ambiri.

Ambiri mwa inu mwagwirapo kale kachidutswa ka ntchitoyi osadziwa. Mukatumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, uthenga wotsimikiza umabwera ndi chinambala chachitali cha transaction ID, chomwe ambiri sitichiyang'ana n'komwe. Ndalamazo zimadutsa m'makompyuta angapo, iliyonse ndi log yakeyake, ndipo pa mphindi yomweyo anthu ena ambirimbiri akutumizanso. Chinambalacho chili ngati chizindikiro chomwe mumadula pa khutu la mbuzi yanu isanalowe m'gulu: wofufuza amachisaka m'ma log onse n'kulondola ulendo wa ndalama zanu kuyambira pomwe zinanyamuka mpaka pomwe zinaima. Kulondola kotere amati tracing. Choncho uthenga ujawu musamafulumire kuufufuta.

Tibwerere ku Mars, komwe kuli nyama ya nkhaniyi.

Pathfinder inali ndi purosesa imodzi yokha, RAD6000, yothamanga mpaka 20 MHz, yomwe foni yotchipa ya lero ingaiseke. Pa purosesayo pankayenda VxWorks, pulogalamu yoyang'anira mapulogalamu ena, yopangidwa ndi kampani ya Wind River. Ntchito zinali zambiri: kujambula, kuyeza nyengo, kulankhula ndi dziko lapansi, kulankhula ndi kagalimoto kaja. Pulogalamu yonse anaigawa m'tizigawo, tomwe ine pano ndizititchula kuti antchito. Purosesa imodzi singatumikire antchito awiri pa kamodzi, ndiye aliyense anapatsidwa udindo. Lamulo lake ndi losavuta: wa udindo waukulu akafuna purosesa, wamng'ono amaimitsidwa pomwepo, ngakhale ali pakati pa ntchito.

Antchito atatu ndi omwe tiwagwire. Woyamba ndi bc_sched, wa udindo wapamwamba, tizimuti kapitawo. Iye ankadzuka ka 8 pa sekondi, kutanthauza pa mamilisekondi 125 alionse, kukonza kayendedwe ka mauthenga pa waya wolumikiza zida za m'chombo. Wachiwiri ndi bc_dist, nayenso wa udindo waukulu, wotolera mauthengawo n'kuwagawa kwa eni ake. Uyu tizimuti wogawa. Wachitatu ndi ASI/MET, woyang'anira zida zoyezera mphepo, kutentha ndi mphamvu ya mpweya, wa udindo wotsika kwambiri. Tizimuti wazanyengo. Kapitawo anali ndi lamulo limodzi lokhwima: akadzuka n'kupeza wogawa sanamalize ntchito ya ulendo wapitawo, aziona ngati chinthu chachikulu chasokonekera, azimitse kompyuta yonse, iyambirenso.

Chombocho chinanena chokha kuti izi ndi zomwe zinkachitika: wogawa sankamaliza pa nthawi yake. Koma chimenecho ndi chizindikiro chabe, ngati kutentha thupi. Wogawa ndi wa udindo waukulu, ndani angamuchedwetse?

Gulu lomwe linalemba pulogalamuyi, lotsogozedwa ndi Glenn Reeves, linali ndi zinthu ziwiri m'manja. Choyamba, ku JPL kunali chombo chinzake cha mu labu, chokhala ndi kompyuta ndi pulogalamu yofanana ndi ya ku Mars. Chachiwiri, m'kati mwa pulogalamuyo munali kale chida cholemba trace, log yatsatanetsatane ya zochitika za m'kati: wantchito uyu wayamba, uyu waimitsidwa, uyu watumiza uthenga, uyu akudikira. Inkalemba mozungulira, ngati bolodi la m'kalasi lomwe likadzaza mumafufuta pamwamba n'kupitiriza, kotero kuti nthawi zonse pamakhala nkhani zaposachedwa. Ndipo kapitawo uja anali atauzidwa kale kuti akapeza wogawa sanamalize, aimitse kulembako n'kusunga zomwe zili pa bolodi. Ku Mars trace imeneyi sakanatha kuitenga, inali yaikulu kuposa zomwe wailesi ya chombocho ikanatumiza. Koma mu labu palibe chowaletsa.

Ndiye anayamba kubwereza. Ntchito zomwe chombo cha ku Mars chinkachita pamene chinazima, ankazichititsa chinzake cha mu labu, mobwerezabwereza, osasintha kanthu mu pulogalamu. Ntchito yotopetsa, yongodikira kuti chinthu chiwonongeke. Asanathe maola 18, cha mu labu nacho chinazima. Anatsegula trace.

Mizere yeniyeniyo ndi ya chinenero cha makina, ndiye ndakulemberani chitsanzo changa m'Chichewa, manambala ake ndi ongofanizira, kuti muone mmene nkhani yotere imaonekera:

milisekondi 40: wazanyengo watenga kiyi
milisekondi 41: wogawa wadzuka, wazanyengo waimitsidwa
milisekondi 42: wogawa akufuna kiyi, kiyi ali ndi wazanyengo, wogawa akudikira
milisekondi 43: wantchito wa udindo wapakati wayamba
milisekondi 90: wapakati wina wayamba
milisekondi 125: kapitawo wadzuka, wogawa sanamalize, zimitsani

Werenganinso kachiwiri. Mzere wofunika kwambiri ndi womwe palibepo. Palibe pomwe palembedwa kuti wazanyengo wabweza kiyi.

Kiyi ameneyu n'chiyani? Wogawa ndi wazanyengo ankagwiritsa ntchito malo amodzi a m'kompyuta popatsirana mauthenga. Awiri akalemba pamalo amodzi nthawi imodzi, zolembazo zimasokonezeka, ndiye pamaikidwa loko yemwe amamutcha mutex: wolowa amatenga kiyi, wina aliyense adikire mpaka kiyi abwezedwe, kaya ndi wamkulu chotani. Lamulo labwinobwino. Lamulo la maudindo lija nalonso ndi labwinobwino. Vuto linabadwa pomwe malamulo awiriwa anakumana.

Tiyerekeze ndi pasukulu. Mwana wa Fomu 1 watenga kiyi wa ku stolo kuti akatenge choko, ntchito ya mphindi imodzi. Ahedi akufuna kulowa m'stolo momwemo mwachangu kukatenga mapepala a mayeso, apeza kiyi watuluka, akhala pansi kudikira. Palibe vuto, mwanayo abwera pompano. Koma panjira wakumana ndi pulifekiti: iwe, tatola zinyalala izi. Mwana wa Fomu 1 sangakanire pulifekiti. Akumaliza kutola, pulifekiti wina: takatunga madzi. Mapulifekitiwo sakulakwa, udindo wawo ndi woposa wa mwanayo, ndipo sakudziwa kuti m'thumba mwake muli kiyi yemwe ahedi akudikira. Zotsatira zake, ahedi akuchedwetsedwa ndi pulifekiti, munthu woti sangayerekeze kuwaimitsa atakumana maso ndi maso. Maudindo atembenuzika, wapakati wakhala pamwamba pa wamkulu. Dzina lake ndi priority inversion. Ndiye onjezani mlonda yemwe analamulidwa kuti akaona mayeso sanayambe pa nthawi yake, aimbe belu, aliyense abwerere ku asembule. Imeneyo ndiyo reset.

Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti palibe wantchito ngakhale mmodzi yemwe anali ndi cholakwika. Mutawerenga pulogalamu ya wazanyengo payokha, ili bwino. Ya wogawa, ili bwino. Cholakwikacho chinali m'kakumanidwe kawo: wogawa adzuke pa kamphindi kenikeni komwe wazanyengo wagwira kiyi, apakati nawo akhale ndi ntchito yokwanira kudya nthawi yonse yotsala. Zikapanda kukumana choncho, masiku amatha osaona kanthu. Vuto lotere simungalipeze pongoyang'anitsitsa pulogalamu. Pamafunika mboni yomwe inalipo, yolemba ndani anachita chiyani, pa milisekondi iti.

Mankhwala ake anali odziwika kale. Mu 1990 akatswiri atatu, Lui Sha, Ragunathan Rajkumar ndi John Lehoczky, anafalitsa kafukufuku wa njira yotchedwa priority inheritance. M'chitsanzo chathu chija, ndi kunena kuti ahedi akangoyamba kudikira kiyi, mwana wa Fomu 1 uja amabwereka udindo wa ahedi mpaka atabweza kiyiyo. Pulifekiti akati tatola zinyalala, iye amangoti, pepani, akundidikira ahedi. Akabweza kiyi, wabwereranso kukhala wa Fomu 1. VxWorks inali nayo kale njira imeneyi, koma pa loko amene uja inali yozimitsa. Kukonza kwake kunali kusintha ka nambala kochepa chabe kuti iyake.

Komabe sanathamange. Kusinthako kukanakhudza maloko ena a mtundu womwewo m'chombo monse, ndiye anafunsa a Wind River kuti aunike ngati sikuchedwetsa kompyuta kapena kubala vuto lina, anakuyesa pa chombo cha mu labu, kenako n'kutumiza kachigamba ka pulogalamu pa wailesi, ulendo wa mphindi zoposa 10 uja. Vuto la kiyi linathera pomwepo.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sanalione chombo chisananyamuke. Reeves anafotokoza yekha pambuyo pake kuti analionapo poyesa chombocho chisanatere, koma atayesa kulibwereza kuti alilondole, linakana kubwera. Nthawi inali yochepa, ndipo maso awo anali pa pulogalamu yoteretsa chombo, poti kumeneko kulakwitsa kamodzi ndi kuphwanya zonse, pamene reset chombocho anachipanga kuti chizitha kudzuka nayo. Chodabwitsa china n'chakuti ku Mars zinthu zinayenda bwino kuposa mmene ankayembekezera. Mauthenga ankadutsa ochuluka, ntchito za sayansi zinachuluka, kompyuta inatanganidwa kuposa mmene anaiyesera. Anali atakonzekera tsiku loipa, koma chomwe chinavumbula vutolo ndi tsiku labwino kwambiri. Pa ine, chiganizo chawo choika patsogolo kutera chinali chanzeru, ngakhale ena amawadzudzula. Chomwe chikanakhala chosakhululukika ndi kutumiza chombocho atachotsamo mboni ija.

Pali chifukwa cha fizikisi chomwe mboniyo inayenera kukhalamo kuyambira pachiyambi. Mukaika thermometer yozizira m'kamadzi kotentha ka m'supuni, thermometer imamwa kutentha kwina, ndiye chomwe mwayeza si chomwe chinalipo. Ammeter nayo ili ndi resistance yakeyake, ikalowa m'dera la magetsi imasintha pang'ono current yomwe ikuyeza. Kulemba log nakonso kumadya nthawi ya purosesa. Ngati vuto limadalira kukumana kwa antchito pa milisekondi imodzi, kuwonjezera mizere yolemba log pambuyo pake kungasunthe nthawi pang'ono, vuto n'kubisala. Mukachotsa mizereyo, labwerera. Olemba mapulogalamu amalitcha heisenbug, nthabwala yochokera pa dzina la Werner Heisenberg. A JPL anali ndi mfundo yoti chomwe ayesa pansi chikhale chomwecho chomwe chiuluke, osachotsa kapena kuwonjezera. N'chifukwa chake atalowa mu labu sanafunike kukhudza pulogalamu, ndipo vuto lomwe linawonekera kumeneko linali lomwelo la ku Mars.

Pamenepa ndili ndi dandaulo ndi ena a inu. Pa pulakitiko ya pendulum, ndimaona wophunzira wayeza kasanu, miyeso inayi ikufanana, umodzi wapatuka. Amayang'ana uku ndi uku, n'kuufufuta, kulembapo nambala yokongola. Ena salemba n'komwe pamene akuyeza, amati tilemba pamapeto, za m'mutu. Tebulo lanu lija ndi log. Muyeso wopatukawo mwina ukunena kuti ulusi unaterereka pa clamp, kapena munawerenga maulendo 9 m'malo mwa 10, kapena zenera linali lotsegula. Mukaufufuta, palibenso njira yodziwira. Udutseni ndi kamzere kamodzi koti uziwerengekabe, lembani pambali chomwe mwaona, yezaninso. Ndikamachonga, pepala lotere ndimalikhulupirira kuposa loyera mbee.

Ndipo amene mwayamba kuphunzira Python pa foni kapena ku labu ya makompyuta, yesani izi: lembani ka pulogalamu kowerengera liwiro, kofunsa mtunda ndi nthawi, kenako mupatse mnzanu akagwiritse ntchito inu kulibe. Tsiku lina adzalemba 0 pa nthawi, kapena mawu m'malo mwa nambala, ka pulogalamuko kadzagwa, ndipo adzakuuzani kuti kanangokana. Python ili ndi chida chake chotchedwa logging. Kauzeni kazilemba m'fayilo nthawi, zomwe munthu walowetsa ndi zomwe kapeza, musanakapereke kwa mnzanuyo. Mawa lake tsegulani fayiloyo muwerenge mzere womaliza, ndi womwe unayenera kubwera pambuyo pake.

Pathfinder inachira, ndipo kuwerengera kuyambira tsiku lotera inagwira ntchito pafupifupi miyezi itatu, kuwirikiza katatu moyo womwe anaikonzera, ndipo Sojourner ya masiku 7 ija inayenda masiku oposa 80. Chombocho chinatumiza zithunzi zoposa 16,500, kagalimotoko 550, pamodzi ndi miyeso ya nyengo mamiliyoni kuchokera kwa wazanyengo yemwe uja. Uthenga wake womaliza wathunthu unafika pa 27 Seputembala 1997. Akatswiri amaloza chala batire, yomwe inali itatopa ndi kutchajidwa ndi kutha tsiku ndi tsiku, kotero kuti usiku zida za m'kati zinkazizidwa kopitirira muyeso. A JPL anapitiriza kuchiitana kwa miyezi ingapo, mpaka anasiya mu Malichi 1998.